Mmene Mungatetezere Mayi Woyembekezera ndi Ana ku Mtovu, Mercury, Arsenic ndi Cadmium

Zitsulo zinayi izi zimalowa m'thupi mwakachetechete. Sizinunkha m'madzi, sizisintha kakomedwe ka chakudya, ndipo mwana amene ali ndi mtovu wambiri m'magazi amatha kudya ndi kusewera bwinobwino ngati anzake. Mavuto amadzaonekera mochedwa: kuchedwa kulankhula, kusakhazikika, kulephera kugwira za m'kalasi. Pofika nthawi imeneyo, zimene zawonongeka mu ubongo palibe mankhwala ozibwezeretsa. Ntchito yeniyeni ndi kupeza kumene poizoniyo akuchokera n'kutseka njira yake, ndipo ndi bwino kuyamba mayi asanatenge pakati.

Mwana wamng'ono akameza mtovu, thupi lake limatenga wochuluka kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi munthu wamkulu. Amakwawanso pansi pomwe pali fumbi ndipo zala zake sizichoka kukamwa. Kwa mayi vuto lili m'mafupa. Mtovu umakhazikika mmenemo kwa zaka makumi angapo, ndipo mayi akatenga pakati thupi limayamba kutapa kashiamu m'mafupa kuti limange mafupa a mwana. Mtovu wakale uja umatulukira limodzi, n'kudutsa pamchombo kukafika kwa mwanayo. Mtsikana amene anameza mtovu ali ndi zaka zitatu angathe kudzaupatsira mwana wake iye ali ndi zaka 25. Kwa mayiyo, mtovu umawonjezera chiopsezo cha kuthamanga kwa magazi, kupita padera ndi kubereka nthawi isanakwane. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la 2020 linati mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu m'magazi pamlingo wofunika kuchitapo kanthu. Bungwe la WHO limanena momveka kuti palibe mlingo wa mtovu umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza.

Gawo 1: Fufuzani ntchito zimene zimabwera ndi fumbi kunyumba

Yambani ndi funso ili: kodi pakhomo pano pali amene amagwira ntchito yokonza kapena kuphwanya mabatire a galimoto, kusungunula zitsulo, kuwotcherera, kupala penti, kuphwanya zipangizo zamagetsi, kapena kukumba ndi kuyenga golide? Ngati alipo, chiopsezo chachikulu cha banja lonse chili pamenepo, ndipo zina zonse zibwere pambuyo.

Fumbi la ntchitozi limayenda pa zovala, nsapato, tsitsi ndi foni. Wogwira ntchitoyo azivula zovala zantchito ndi kusamba asanalowe m'nyumba ndiponso asananyamule mwana. Zovalazo ziziikidwa m'thumba lapulasitiki lomangidwa kukamwa, zizichapidwa pazokha, ndipo wochapa asakhale mayi woyembekezera. Musazikutumule musanazichape, chifukwa kukutumula n'kumene kumamwaza fumbilo. Nsapato zantchito zizitsala panja pamalo amene mwana safikapo.

Ntchito zimenezi zisachitikire pakhomo ngakhale pang'ono. Mu 2010, m'chigawo cha Zamfara ku Nigeria, ana oposa 400 anamwalira chifukwa mabanja ankapera miyala ya golide yokhala ndi mtovu m'mabwalo a nyumba zawo, pomwe ana ankasewera. Kuwotcha golide wosakaniza ndi mercury n'koopsa mwanjira ina: mercury imasanduka nthunzi yosaoneka, imene imamatirira kumakoma, kumabulangete ndi kuziwiya, n'kumatulukanso pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Kuwotchako kuzichitikira kutali ndi nyumba, m'chipangizo chotseka chogwira nthunzi chotchedwa retort, ndipo mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi ana asayandikire.

Gawo 2: Penti wakale ndi fumbi la m'nyumba

Pitani pazenera, pitirizani chala chonyowa pansi pa felemu pomwe zenera limakhuzana potseka. Ngati chala chabwera ndi fumbi la mtundu wa penti ndi tizibenthu tating'ono, mwapeza malo oyamba okayikitsa. Onaninso m'mphepete mwa zitseko, pa mageti achitsulo, pa mabedi a ana opentedwa, pa zoseweretsa ndi pa zitsulo za pamalo osewerera. Penti wamafuta wa mitundu yowala, makamaka wachikasu, wofiira ndi wa olenji, ndi amene kawirikawiri amapezeka ndi mtovu wambiri. Pogula penti watsopano funani wolembedwa kuti alibe mtovu. Malire amene United Nations imalimbikitsa ndi 90 ppm, kutanthauza magawo 90 a mtovu pa magawo miliyoni imodzi a penti.

Penti amene akadali wosalala ndipo sakukhuzana ndi chilichonse musiyeni, kapena pakani penti watsopano pamwamba pake. Ngozi imayamba pamene munthu wafuna kumuchotsa molakwika. Musapale penti wouma ndi sandipepala, musamuwotche ndi moto, musamupale ndi makina. Ola limodzi la kupala kotere lingadzaze nyumba ndi fumbi limene lidzakhalemo kwa miyezi.

Ngati penti akusupuka ndipo ayenera kuchoka, chitani motere. Mayi woyembekezera ndi ana achoke m'nyumbamo mpaka ntchito ndi kuyeretsa zithe. Tulutsani katundu, yalani pulasitiki yokhuthala pansi n'kuimata m'mbali ndi tepi, ndipo tsekani khomo lopita kuzipinda zina. Wazani madzi pa pentiyo musanapale ndipo pitirizani kuwaza popala. Wopalayo avale chophimba kumphuno chosefa fumbi losalala kwambiri, chifukwa nsalu wamba sigwira fumbi lotere. Pomaliza pindirani pulasitikiyo m'kati, imangeni m'thumba, ndipo kolopani kawiri.

Pa kuyeretsa kwa tsiku ndi tsiku, tsache louma limangoulutsa fumbi kuti likatere pena. Kolopani ndi madzi a sopo pogwiritsa ntchito zidebe ziwiri, china cha madzi a sopo, china chotsukuluzira chokolopera, ndipo muzisintha madzi otsukuluzira akangoda. Mukagwiritsa chidebe chimodzi mumangobwezera fumbi lomwelo pansi. Pukutani pansi pa mazenera ndi nsalu yonyowa kamodzi pa sabata. Nsapato zizivulidwa pakhomo. Mwana azisamba m'manja ndi sopo asanadye ndiponso asanagone, ndipo zoseweretsa zimene amaluma zizitsukidwa pafupipafupi.

Dothi la panja nalonso limasunga mtovu, makamaka m'mbali mwa makoma opentedwa, pafupi ndi migodi ndi malo osungunulira zitsulo, ndi m'mphepete mwa misewu ikuluikulu. Petulo wa galimoto wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa padziko lonse mu 2021, koma amene anagwa m'dothi akadalimo chifukwa mtovu suwola. Dzalani udzu kapena thirani dothi loyera kapena timiyala pamalo opanda kanthu, ndipo mwana wokwawa azikhala pa choyala chochapika.

Gawo 3: Zodzola

Tengani mafuta onse oyeretsa khungu, ochotsa mabala akuda ndi sopo wa mtundu umenewo, muwerenge zolembedwa. Mukaona mawu akuti mercury, mercuric, mercurous, mercurio, calomel kapena Hg, siyani lero lomwe. Botolo lopanda mndandanda wa zosakaniza, kapena mafuta othiridwa m'kabotolo kopanda dzina, muwaone ngati oopsa chimodzimodzi, pakuti opanga ambiri salemba n'komwe kuti aikamo mercury.

Anthu ambiri amaganiza kuti mafutawa amavulaza wodzola yekha. Mercury ya m'mafuta imatsalira pa matawulo, pa mapilo ndi m'manja, ndipo ina imauluka m'chipinda. Mwana woyamwa amene tsaya lake limakhuza khungu la mayi ake tsiku lonse amailandira. Kwa mayi imawononga impso, imabweretsa kunjenjemera kwa manja, kusowa tulo ndi kuiwalaiwala. Kwa mwana zikhatho ndi mapazi zimatha kufiira, kupweteka ndi kusupuka, ndipo amalira kosatonthozeka. Mukasiya, mangani botololo m'thumba lapulasitiki, musaliwotche kapena kukhuthulira mafutawo m'ngalande. Matawulo ndi zovala za pilo zimene zinamwerera kwambiri ndi bwino kuzitaya.

Zopaka m'maso zakuda zotchedwa kohl kapena surma nthawi zambiri zimapangidwa ndi mwala wa mtovu wopera. Zisapakidwe m'maso mwa khanda kapena pamchombo. Ndolo, mikanda ndi zibangili zachitsulo zotchipa zimatha kukhala ndi mtovu kapena cadmium, choncho mwana asaziike kukamwa.

Gawo 4: Madzi

Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa chitsulo chilichonse. Madzi akamaphwa powira, mtovu ndi arsenic zimatsalira ndipo zimachulukirako m'madzi otsalawo. Klorini ndi kusefa ndi nsalu sizithandizanso pa vutoli.

Mtovu wa m'madzi a pampope umachokera m'mapaipi akale, m'zolumikizira ndi m'mipope yamkuwa. Madzi akagona m'mapaipi maola oposa asanu ndi limodzi, atsegulireni atayike kwa mphindi zingapo mpaka muwamve kuti azizira, ndipo oyambawo mukolopere. Pakumwa, pophika ndi posungunula mkaka wa mwana gwiritsani ntchito madzi a kumpope wozizira okha n'kuwatenthetsa nokha, chifukwa madzi otentha a m'paipi amasungunula mtovu wambiri. Masulani kasefa ka kukamwa kwa mpope miyezi ingapo iliyonse n'kutsuka tizidutswa totsakamira.

Arsenic amachokera m'miyala ya pansi pa nthaka ndipo amapezeka m'zitsime ndi m'mijigo ya madera ena, ngakhale madzi ake akhale oyera mbee. Ku Bangladesh anthu mamiliyoni anamwa madzi otere kwa zaka zambiri vuto lisanadziwike, ndipo pambuyo pake mijigo inayamba kupakidwa penti wofiira kapena wobiriwira kusonyeza yoipa ndi yabwino. Mijigo iwiri yoyandikana imatha kusiyana kwambiri, choncho zotsatira za mnansi wanu si zanu. Yezetsani madzi anu ku labotale. Malire a WHO pa lita imodzi ndi mamaikulogalamu 10 a mtovu, 10 a arsenic, 6 a mercury ndi 3 a cadmium. Akapitirira, pezani gwero lina la madzi akumwa ndi ophikira, kapena sefa ya reverse osmosis, n'kumasintha zamkati mwake panthawi yake. Madzi a arsenic mungathe kuchapira ndi kusamba, pakuti wolowera pakhungu ndi wochepa. Zizindikiro zake zimatenga zaka pafupifupi zisanu kuti zioneke: timadontho takuda pakhungu ndi zikhatho ndi mapazi zolimba ngati njerewere.

Gawo 5: Miphika ndi chakudya

Mapoto a aluminiyamu oumbidwa ndi zitsulo zotolatola, monga zidutswa za injini, amatha kutulutsa mtovu m'chakudya. Mbale zadothi zopakidwa zonyezimira za mitundu yowala nazonso zimatero, makamaka zikang'aluka kapena zikayamba kuoneka zotuwa pambuyo potsuka. Zakudya zowawasa monga matimati, mandimu ndi viniga ndi zimene zimakoka mtovu wambiri, ndipo zikagona m'chiwiya chotere usiku wonse vuto limakula. Ngati simungasinthe ziwiya zonse nthawi imodzi, yambani ndi poto wophikira chakudya cha mwana ndi mayi. Chitsulo chosachita dzimbiri ndi galasi ndi zodalirika.

Zokometsera zaufa za mtundu wowala modabwitsa zikayikireni. Ku Bangladesh kunapezeka kuti ena ankathira utoto wachikasu wa mtovu mu turmeric kuti aoneke wokongola. Mankhwala azitsamba aufa kapena a mibulu osadziwika zosakaniza zake mayi woyembekezera ndi mwana asamwe, chifukwa ena amaikidwa mtovu, mercury kapena arsenic mwadala.

Chilakolako chodya dothi chimagwira amayi ambiri oyembekezera padziko lonse, ndipo si chinthu chochita nacho manyazi. Koma dothi, ngakhale lowotcha kapena logulidwa litakulungidwa bwino, limatha kukhala ndi mtovu ndi arsenic, ndipo moto suzichotsa. Chilakolakochi nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi. Uzani namwino kusikelo kuti akuyezeni magazi.

Nkhani ya nsomba imafuna kusamala mbali zonse ziwiri. Nsomba ili ndi mafuta omanga ubongo wa mwana, ndipo kuisiyiratu ndi kulakwitsa. Mercury imaunjikana mu nsomba zikuluzikulu, zokhala zaka zambiri, zodya nsomba zinzake. Mtundu wa mercury umenewu umadutsa mosavuta kupita ku ubongo wa mwana wosabadwa. Ku Minamata, ku Japan, kumene matenda obwera ndi mercury ya mu nsomba anadziwika mu 1956, amayi ena amene ankaoneka athanzi anabereka ana olumala ubongo kwambiri. Pewani shaki, swordfish, marlin, king mackerel ndi bigeye tuna. Sankhani nsomba zing'onozing'ono monga sardine, anchovy ndi herring, kapena salmon ndi tilapia, kawiri kapena katatu pa sabata, ulendo uliwonse chidutswa chachikulu ngati chikhatho chanu, magalamu pafupifupi 110. Nsomba za m'mitsinje yodutsa kumene amayenga golide zipeweni. Kukazinga, kuwamba kapena kusenda khungu sikuchotsa mercury, chifukwa ili m'mnofu. Thupi limatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti lichotse theka la mercury yotere, choncho amene akukonzekera kutenga pakati asinthe nsomba zimene amadya miyezi ingapo zisanachitike.

Mpunga umakoka arsenic wambiri kuposa mbewu zina chifukwa umamera m'madzi. Kuuphika m'madzi ochuluka, makapu asanu ndi limodzi mpaka khumi pa kapu imodzi ya mpunga, n'kukhetsa otsala, kumachotsa pafupifupi theka la arsenic, malinga ngati madziwo ndi abwino. Phala la mwana lisakhale la mpunga tsiku lililonse, ndipo chakumwa chopangidwa ndi mpunga chisalowe m'malo mwa mkaka kwa mwana wosakwana zaka zisanu.

Gawo 6: Ayironi, kashiamu ndi utsi wa fodya

Thupi losowa ayironi limatsegula kwambiri njira zake zotengera ayironi m'matumbo, ndipo mtovu ndi cadmium zimalowera m'njira zomwezo. N'chifukwa chake amayi, amene amataya magazi mwezi ndi mwezi, amatenga cadmium wambiri kuposa abambo. Cadmium amakhala mu impso zaka 10 mpaka 30 ndipo amafooketsa mafupa. Matenda a itai-itai a ku Toyama, ku Japan, obwera chifukwa cha cadmium, anagwira kwambiri amayi achikulire amene anabereka ana angapo. Kwa anthu osuta, gwero lalikulu la cadmium ndi utsi wa fodya. Pasakhale wosutira m'nyumba kapena m'galimoto.

Imwani mapiritsi a ayironi ndi folic acid a kusikelo tsiku lililonse. WHO imalimbikitsa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi patsiku kwa mayi woyembekezera, ndiponso magalamu 1.5 mpaka 2 a kashiamu kumene anthu sapeza wokwanira m'zakudya. Kashiamu wokwanira amachepetsa kutapa kwa m'mafupa kuja. Mapiritsi awiriwa muziwamwa motalikitsa maola angapo chifukwa amalimbana m'matumbo, ndipo tiyi musamwere pamodzi ndi ayironi. Mwana azidya pafupipafupi, pakuti m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa wambiri. Chakudya chimangochepetsa kalowedwe, sichilowa m'malo mwa kuchotsa gwero.

Gawo 7: Choyezera kutentha kwa thupi chokhala ndi mercury chikasweka

Tulutsani ana, mayi woyembekezera ndi ziweto nthawi yomweyo, osaponda pamalopo. Tsegulani mazenera, tsekani chitseko chopita kuzipinda zina. Musasese, musakolope, ndipo musagwiritse ntchito makina okoka fumbi: tsache limaswa mercury kukhala timadontho tosawerengeka, makina amaisandutsa nthunzi. Vulani mphete, valani magolovesi. Zimitsani magetsi n'kugoneka tochi pansi kuti kuwala kudutse chopingasa, ndipo mudzaona timipira tasiliva tikuphethira m'ming'alu ndi m'mphepete mwa khoma, nthawi zina kutali ndi pomwe chinagwera. Kankhirani timipirato pamodzi ndi makatoni awiri olimba, tikwezeni papepala, tithireni m'botolo lotseka bwino. Totsalira tating'ono titoleni ndi tepi yomata. Magolovesi, makatoni ndi tepi zilowe m'thumba lomanga, ndipo funsani a zaumoyo kotayira. Kapeti kapena chovala chimene mercury yagwerapo chitayidwe, chisachapidwe. Mazenera akhale otsegula kwa maola 24. Babu loyera losunga magetsi la mtundu wokhala ndi mercury likasweka, tulukani kwa mphindi 10 mazenera ali otsegula, kenako tolani mwanjira yomweyo.

Za mano: chomatira chotuwa cha m'dzino chili ndi mercury, koma ngati chili bwinobwino musachichotsetse muli ndi pakati, popeza kuboola n'kumene kumatulutsa nthunzi yambiri. Dzino likafuna kumatidwa, pemphani chomatira chopanda mercury.

Gawo 8: Kuyezetsa ndi chithandizo

Ngati mwapeza gwero lililonse pamwambapa, pemphani kuyezedwa magazi: mayi kumayambiriro kwa pakati, mwana ali ndi chaka chimodzi ndiponso zaka ziwiri, msinkhu umene mtovu umakwera kwambiri. Musadikire zizindikiro. Magazi a pachala amatha kunamiza ngati pakhungu panali fumbi, choncho chala chisambitsidwe bwino, ndipo zotsatira zokwera zitsimikizidwe ndi magazi a mumtsempha.

Mtovu amauyeza m'mamaikulogalamu pa desilita imodzi ya magazi. Pa 5 kupita m'mwamba, WHO imati gwero lifufuzidwe ndi kuchotsedwa, pomwe CDC, nthambi ya boma la United States yolimbana ndi matenda, imayambira pa 3.5. Yezetsaninso pakatha mwezi umodzi mpaka itatu. Nambala ikapanda kutsika ndiye kuti mwina pali gwero limene simunalipeze, ndipo ana ena onse a m'nyumbamo ayezedwenso. Pa 45 kupita m'mwamba mwana amafunika mankhwala okoka mtovu m'magazi, monga succimer, moyang'aniridwa ndi dokotala. Mankhwalawa amapulumutsa moyo koma sabwezeretsa nzeru zotayika, ndipo sagwira ntchito mwana akabwerera m'fumbi lomwelo. Mwana amene akusanza mosalekeza, kugona mosadzutsika, kudzandira kapena kukomoka mogwedezeka, thamangirani naye kuchipatala ndipo nenani kuti mukukayikira mtovu. Kupweteka m'mimba, kudzimbidwa ndi kuchepa magazi kosadziwika chifukwa zifotokozeninso.

Mercury ya m'zodzola ndi ya nthunzi amaiyeza mumkodzo, ya mu nsomba m'magazi kapena m'tsitsi. Arsenic amamuyeza mumkodzo, ndipo musadye nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja kwa masiku atatu musanayezedwe, chifukwa zimakweza nambala ndi mtundu wa arsenic wosaopsa kwenikweni. Popita kuchipatala tengani botolo la mafuta, la mankhwala kapena la zokometsera zimene mukuzikayikira, mutalimanga m'thumba.

Mankhwala ogulitsidwa pa intaneti ndi m'masitolo akuti amatsuka zitsulo m'thupi musamwe ndipo musapatse mwana. Ena sachita kanthu, ena amakoka kashiamu m'magazi mpaka kusokoneza mtima.

Kuyamwitsa kupitirire. Mtovu wolowa mumkaka wa m'mawere ndi wochepa poyerekeza ndi wa m'magazi a mayi, ndipo ubwino wa mkakawo ndi waukulu. CDC imalangiza kuimitsa kaye pokhapokha mtovu wa mayi utafika 40 kapena kupitirira. Zikatero mayi azifinya mkaka n'kutaya kuti usaphwe, ndipo ayambirenso kuyamwitsa nambala ikatsika pansi pa 40. Panthawi imeneyo mkaka wa m'chitini usungunulidwe ndi madzi oyezedwa, a kumpope wozizira, owiritsidwa m'poto wachitsulo chosachita dzimbiri.